Aulule Kapena Abise? Yankho Amalipeza M'nyumba Zathu

Ilipo nkhani imene timainong'ona pamjigo ndi kuifuula pamsewu pa tsiku la zionetsero, koma m'nyumba simudayalidwepo mphasa yoti ikambidwe modekha. M'makomo a Asilamu, kuyambira ku Makanjira ndi ku Malindi, kudutsa Monkey Bay ndi Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, muli ana aakazi, achemwali ndiponso akazi apabanja amene mtima wawo umakokera kwa akazi anzawo. Ena pakati pathu amati zoterezi kwa Asilamu kulibe, zidachita kubwera pandege. Koma amene adatsegulapo mabuku a fiqh akudziwa kuti ma ulama akale adaitcha nkhaniyi sihaq, ndipo adaikambirana zaka mazana ambiri mzungu asadaponde mchenga wa nyanja ino. Akuluakulu amenewo sadataye inki pa chinthu chimene kulibe.

Chigamulo cha chipembedzo pa mchitidwewo n'chodziwika. Ma madh-hab onse anayi adagwirizana kuti ndi haramu, ndipo ife tilibe mphamvu kapena khumbo loti tisinthe zimenezo. Tanena izi poyambirira kuti wina asatseke magaziniyi n'kumakauza anzake kuti aphunzitsi a madrasa ayamba kugulitsa dini. Chimene tikufuna kutsutsa pano ndi ma haramu ena amene amachitika mwana wotereyu akangodziwika, ndipo amachitika m'dzina la Allah, ndi anthu amene amapita kukagona akudziyesa kuti ateteza Chisilamu. Tikunena za kufufuza, kunamizira, kuyalutsa, kumenya, kukwatitsa mokakamiza ndi kupirikitsa pakhomo.

Tiyambe ndi mwanayo. Mtsikana akazindikira zimene zili mumtima mwake sathamangira kukauza munthu. Amayamba ndi kumvetsera. Nkhaniyi ikatuluka pawailesi amatchera khutu kuti bambo anena chiyani, ndipo akamva kuti "atakhala wanga ndingamuphe ndi manja angawa," amasunga mawuwo zaka khumi. Amaona mmene mayi ake adaisenzera nkhani ya mwana wa oyandikana nawo nyumba, ngati adaikwirira kapena adapita nayo kuchigayo. Amawerenga kuti fizi ya kusukulu amamulipirira ndani, akathamangitsidwa akagona kuti, ndipo ang'ono ake adzawakwatira ndani mbiri ikawanda. Kenako amasanthula abale ake mmodzimmodzi, kufuna amene pakamwa pake pali chitseko: mayi, azakhali, mchemwali wamkulu, kapena akazi a shehe amene amaphunzitsa amayi. Akapanda kumupeza amakhala chete.

Kukhala chete kumeneku kuli ndi njira zake. Wina amavomera chibwenzi cha mnyamata amene sakumufuna kuti anthu aleke kumufunsa mafunso. Wina amafufuta uthenga uliwonse wa pafoni asadagone. Wina amalimbikira sukulu kapena geni kuti apeze chifukwa chomveka chopitira ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, kumene palibe womudziwa. Wina amalola ndowa, amabereka ana, ndipo amafika pokalamba popanda amene adadziwa chimene chinkamudya. Alipo amene amauza munthu mmodzi yekha, ndipo kawirikawiri munthu ameneyo ndi mlendo wa pa intaneti amene sadamuonepo nkhope. Mwana amene adaphunzira alif ndi baa pamiyendo yathu amakhulupirira mlendo wosamudziwa kuposa mayi womubala. Izi zikutiuza zambiri za nyumba zathu kuposa mmene zikutiuzira za mwanayo.

Mantha akewo si achibwana. Mu Disembala 2010 Nyumba ya Malamulo idawonjezera gawo 137A m'malamulo a milandu, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika adalisayinira kumayambiriro kwa 2011. Gawo limeneli limati mkazi wopezeka wolakwa pa mchitidwewu akhoza kukhala kundende zaka zisanu. Ambiri tikukumbukira anthu awiri aja amene adachita chinkhoswe ku Blantyre mu Disembala 2009, adagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, kenako adakhululukidwa ndi Pulezidenti, nkhope zawo zitafika kale m'nyuzipepala za dziko lonse lapansi. Mu Julayi 2023 Akhristu ndi Asilamu adayenda limodzi m'misewu ya m'mizinda kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo pa 28 Juni 2024 bwalo lounika malamulo oyendetsera dziko lidakana kuthetsa malamulo oletsa mchitidwe wa amuna okhaokha. Gawo lokhudza akazi lija likadalipo. Choncho mawu amodzi otayidwa pagulu la WhatsApp akhoza kufikitsa mwana wa munthu kupolisi, ngakhale atakhala kuti sadachite kanthu. Woponya mawuwo aziganizire zimenezi asadadine foni.

Tchimo loyamba limene tikulitsutsa ndi ukazitape. Surat Al-Hujurat idaletsa zinthu zitatu motsatizana mu ayah imodzi: kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi miseche. Ana a madrasa amailoweza, koma akulu amaiswa tsiku ndi tsiku. Mlongo amalanda foni ya mchemwali wake wamkulu msinkhu, amawerenga zonse, amajambula ndi kutumiza kwa abale a ku Joni dzuwa lisadalowe. Mayi wapafupi amasuzumira pawindo. Anzake a kumadrasa amamutchera msampha ndi mauthenga abodza kuti aone ngati akodwe. Onsewa amati akuthetsa choipa, pomwe choipa chimene Qur'an idachitchula ndi dzina akuchichita ndi iwo.

Ndipo msampha umenewu sukola mbalame imene udatcheredwa yokha. Kwathu kuno atsikana amagwirana manja popita kumsika, amagona pamphasa imodzi, amalukana tsitsi ndi kusambira limodzi kunyanja, ndipo kuyambira kale palibe amene ankaonapo chachilendo. Lero maso aipa. Mtsikana akakana amuna awiri atatu, akamasewera mpira, akafika zaka 30 asadakwatiwe, kapena mayi wamasiye akamakhala ndi mnzake nyumba imodzi kuti athandizane lendi, anthu ayamba kale kutsinana. Ambiri mwa oyalutsidwawo alibe chilichonse chokhudza nkhaniyi. Madzi akatayika saoleka, ndipo mbiri ya mkazi ikatayika pagulu palibe pepani amene angaibweze.

Asilamu tidapatsidwa phunziro la nkhani ngati imeneyi m'nyumba ya Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye. Pobwerera ku nkhondo ya Banu Mustaliq, mayi wathu Aisha (RA) adatsalira m'mbuyo, ndipo Safwan bin Mu'attal adawapeza ndi kuwaperekeza kufikira adakumana ndi gulu. Panalibe woona choipa, koma Madinah idatekeseka pafupifupi mwezi wathunthu. Amene adayatsa moto adali Abdullah bin Ubayy, mkulu wa achinyengo, koma amene adaukoleza adali Asilamu enieni amene ankangobwereza zimene adamva. Allah adamuyeretsa Aisha mu Surat An-Nur, ndipo m'surayi muli lamulo loti wonenera mkazi wodzisunga za chigololo abweretse mboni zinayi zoona ndi maso, apo ayi akwapulidwe zikoti 80 ndipo umboni wake usadzalandiridwenso. Akatswiri a fiqh amati zikoti 80 zimenezi n'za wonamizira chigololo, koma wonenera mkazi za sihaq popanda umboni nayenso ndi wolakwa woyenera kulangidwa ndi woweruza. Tsono inu amene mudatumiza chithunzi chija, mboni zanu zili kuti? Mudaona chiyani ndi maso anu? Pa sikelo ya sharia, mlandu umene uli ndi umboni wokwanira pamenepa ndi wanu, chifukwa uthenga mudatumiza uja ukadali m'mafoni a anthu makumi asanu, ndipo dzina lanu lili pamwamba pake. Ngakhale boma lili ndi lamulo la 2016 loletsa kuzunza ndi kunyoza munthu kudzera pa intaneti.

Wina anganene kuti nanga zikakhala zoona? Apa m'pamene dini yathu imasiyana kwambiri ndi chizolowezi cha pamudzi. Chisilamu chili ndi chiphunzitso cha sitr, kuphimba cholakwa cha Msilamu mnzako. Ma'iz bin Malik adapita yekha kwa Mtumiki (SAW) kukaulula kuti wachita chigololo, ndipo Mtumiki adamutembenukira kumbali kangapo konse, kumupatsa mpata woti abwerere akalape kwa Mbuye wake. Pambuyo pake adadzudzula Hazzal, munthu amene adamulimbikitsa Ma'iz kukaulula, pomuuza kuti kukadakhala bwino akadamuphimba. Ngati Mtumiki, amene adali ndi udindo woweruza, sadafune kukoka chinsinsi m'kamwa mwa munthu wobwera yekha, malume a pamudzi ulamuliro woitanitsa bwalo ndi kumugwiritsa mwana Msahafu kuti alumbire adautenga kuti?

Chiphunzitso chimenechi chikuyankha mbali yoyamba ya funso lathu. Mkazi amene wasankha kubisa sadalakwire aliyense. M'Chisilamu mulibe kuulula machimo kwa shehe kuti akhululukidwe. Tauba ndi ya kapolo ndi Mbuye wake, pamkeka wa swala, usiku anthu ali mtulo. Komanso tisiyanitse chimene mtima ukumva ndi chimene thupi lachita. Munthu sasankha kumene mtima wake ukokere, ndipo chimene angelo amalemba ngati tchimo ndi chochita. Amene wamva chilakolako n'kuchisiya chifukwa choopa Allah amalembedwa chabwino. Zikhoza kutheka kuti mtsikana amene amayi akumulozerana zala pa sadaka akumenya nkhondo ya mumtima imene olozawo sadaimenyepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo kwa Allah ali patsogolo pawo.

Mbali yachiwiri ndi ya amene wasankha kuulula. N'chifukwa chiyani munthu angafune kunena chinthu chimene dini yamulola kubisa? Chifukwa mutu umodzi susenza denga. Wina amaulula poona kuti tsiku la ndowa layandikira ndipo sakufuna kunamiza mwana wa eni ake. Wina amafuna womuthandiza kupirira, womupangira dua. Wina watopa ndi kunama kwa mayi ake tsiku lililonse. Wina wafika poganiza zodzipha, ndipo mawu amene akunenawo ndi chingwe chomaliza chimene akuponya kumtunda. Mwana akabwera kwa inu ndi nkhani yotere, dziwani kuti wayesa anthu onse a pamudzi ndipo wasankha inu. Chimene wakupatsanicho ndi amana, ndipo kuswa amana n'chimodzi mwa zizindikiro za munthu wachinyengo zimene timaphunzitsa ana a kalasi yoyamba. Mukachitenga n'kupita nacho kwa amuna anu, kwa ankhoswe kapena ku gulu la amayi a dawa, mwana ameneyo sadzakuuzaninso kanthu moyo wake wonse, ndipo atsikana ena amene akuonerera aphunzira kuti pakhomo pano choonadi chimalipiridwa ndi ndodo.

Mankhwala amene mabanja ambiri amathamangira ndi ukwati. Amati apezereni mwamuna msanga, zimutha. Khansa bint Khidham adakwatitsidwa ndi bambo ake iye asakufuna, adakadandaula kwa Mtumiki (SAW), ndipo Mtumiki adauthetsa ukwatiwo. Gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi nalonso limaletsa kukakamiza munthu kulowa m'banja. Ukwati wotere umalakwira anthu awiri. Mkaziyo amalowa m'chipinda ngati wolowa m'ndende. Mwamunayo, amene wapereka mahari ndi mtima woyera, wapatsidwa mkazi amene abale ake akudziwa kuti samufuna, ndipo ichi ndi chinyengo chimene sitingachilole ngakhale pogulitsa mbuzi. Pakapita zaka ziwiri banja latha, ana ali pakati, ndipo amene adakonza zonsezi akuti ndi qadar. Palinso mawu ena onyansa amene amamveka m'mabwalo a bawo, oti mkazi wotere akungofunika mwamuna womugwira mwamphamvu kuti awongoke. Kumeneko ndi kugwirira. Wochita zimenezo ndi chigawenga pamaso pa Allah ndi pamaso pa boma, ndipo womutuma ali naye limodzi mumlanduwo.

Kusakwatiwa si tchimo. Imam An-Nawawi, amene mabuku ake a madh-hab a Shafi'i timawerenga m'madrasa a m'mbali mwa nyanja muno, adamwalira mu 1277 asadakwatirepo. Karima Al-Marwaziyya, mayi amene akatswiri ankapita kwa iye ku Makkah kukaphunzira Sahih Al-Bukhari, adakalamba osakwatiwa. Sitikunena kuti iwowa adali ndi nkhani imene tikukambayi. Tikunena kuti munthu akhoza kukhala moyo wonse wopanda banja n'kukhala wolemekezeka m'dini. Mwana wamkazi akanena kuti sakufuna kukwatiwa, musiyeni aphunzire, achite geni, alere ana a abale ake, asamalire makolo, ndipo pakhale malo ake pamphasa ya mbumba.

Kumenya ndi kupirikitsa nakonso kulibe tsinde m'sharia. Ma ulama ambiri adati pa sihaq palibe chilango choikika cha hadd, nkhaniyo imasiyidwa m'manja mwa qadhi, pakakhala umboni, m'dziko limene likuweruzidwa ndi sharia. Bambo si qadhi. Mwinimbumba si qadhi. Anyamata a pamsika amene amavula mkazi hijab ndi kumukuwiza si qadhi, ndi gulu lachiwawa basi. Ndipo tidzifunse kumene amapita mtsikana wopirikitsidwa kuno kunyanja. Tonse tikudziwa zimene zimachitika pamadooko usiku, pamene akazi opanda pogwira amasinthanitsa thupi ndi usipa, ndiponso matenda amene amabwera nazo. Bambo amene wataya mwana wake kumeneko kuti ayeretse dzina lake kumzikiti wamukankhira ku machimo oposa amene ankawaopa, wadulanso chibale chimene Allah adalamula kuti chilumikizidwe. Abu Bakr (RA) adalumbira kuti sadzathandizanso Mistah, m'bale wake wosauka amene adafalitsa nawo bodza la Aisha, koma Allah atatsitsa ayah yolimbikitsa kukhululuka adabweza thandizolo. Uyo adali munthu amene adaipitsa mbiri ya mwana wake weniweni. Chibale ndi fupa, sichiola.

Tikudziwa zimene otsutsa anene. Choyamba adzati kufatsa kotere ndi kuvomereza. Ayi. Padali Swahaba wina amene ankagwidwa mobwerezabwereza ndi mowa, ndipo munthu wina atamutemberera, Mtumiki (SAW) adamuletsa n'kuchitira umboni kuti womwayo amakonda Allah ndi Mtumiki wake. Mowa sudasanduke halali tsiku limenelo, ndipo womwayo sadachotsedwe mu ummah. Mayi akhoza kumuuza mwana wake chigamulo cha dini mosapita m'mbali, n'kumupakulira nsima madzulo omwewo.

Chachiwiri adzati mukaphimba chifalikira kwa ana ena. Apa tisiyanitse. Ngati munthu wamkulu, mwamuna kapena mkazi, akunyengerera kapena kukakamiza mwana, kaya ndi mphunzitsi, wachibale kapena wolemba ntchito, ameneyo sitr simukhudza. Akanenedwe kwa akuluakulu ndi kupolisi tsiku lomwelo, chifukwa pali wozunzidwa woyenera kutetezedwa. Chodabwitsa n'chakuti mabanja amene amafulumira kuyalutsa mtsikana pa chinsinsi cha mumtima mwake ndi omwewo amene amakwirira nkhani ya malume wogwirira mdzukulu, amati zithere pachibale. Chophimba adachiika pa wozunza, wofooka n'kumusiya pambalambanda.

Chachitatu adzati zonsezi ndi ndale za mabungwe akunja. Mkangano wa malamulo uli ndi malo ake, ku Nyumba ya Malamulo ndi kumakhoti, ndipo Asilamu ali ndi ufulu wonena maganizo awo kumeneko monga adachitira. Koma mwana amene akulira m'chipinda chanu si kazembe wa dziko lililonse. Ndi yemwe uja mudamuchitira adhana m'khutu tsiku limene adabadwa. Nafenso sitigwirizana ndi amene amalimbikitsa atsikana kuti adzilengeze poyera, chifukwa dini imaletsa kuonetsera tchimo, komanso olimbikitsawo sadzakhalapo tsiku limene miyala idzayambe kugwa padenga. Koma ngati khomo lililonse la Msilamu lili lotseka, tisadabwe mwana akapita kukagogoda kumene amamutsegulira, ndipo akapita kumeneko amasiya ndi swala yomwe, poganiza kuti Allah adamutaya monga adamutayira abale ake. Amene wachititsa munthu kutaya chiyembekezo mwa Allah adzafunsidwa.

Tsono inu mayi, mwana akakuuzani, khalani pansi kaye. Musakuwe, musaitane anthu. Mumufunse ngati alipo amene akumuopseza kapena kumudyera ndalama ndi chinsinsicho, ndiponso ngati akuganiza zodzivulaza. Akavomera, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala. Mumuuze kuti akadali mwana wanu ndipo akadali Msilamu. Zina zonse mukambirana mawa ndi mkuja, pang'onopang'ono. Inu bambo ndi inu mwinimbumba, yang'anirani mawu amene mumatulutsa nkhaniyi ikamveka pawailesi, chifukwa simukudziwa amene akumvetsera kukhitchini. Inu mashehe ndi aphunzitsi anzathu, pophunzitsa chigamulo tiphunzitsenso sitr, kuipa kwa ukazitape ndi kukula kwa khomo la tauba, ndipo minbar isakhale malo otchulirapo mwana wa munthu ngakhale mophiphiritsa. Inu achinyamata, chithunzi chikafika pafoni yanu chithere pomwepo, ndipo wokutumiziraniyo mumukumbutse za mboni zinayi.

Kuulula kapena kubisa n'chisankho cha mwini wake, ndipo sharia idamusiyira. Gawo lathu ndi loti akabisa tisamufufuze, akaulula tisamupereke. Palibe mmodzi mwa ife amene angakonde kuti zimene Allah adamuphimbira ziwerengedwe pa sipika ya mzikiti tsiku la Ijumaa. Tikupempha Allah kuti atiphimbe pano padziko ndi pa tsiku lachiweruzo, atchinjirize malirime athu pa mbiri za akazi, ndipo awongole ana athu ndi ife tomwe. Allah ndiye Wodziwa koposa.